Kukalambitsa Zida za Nkhondo za m'Sewero

Pa mgodi uli wonse munthu watsopano adziwika asanatsegule pakamwa. Cisoti cace cinyezimira, jombo zace ziribe khwinya, ndipo ovolosi yace ikali ndi mizere ya m'sitolo. Koma cisoti ca munthu amene wagwira nchito pansi zaka khumi ciri ndi mbiri yace. Pamwamba pali zipsera za miyala imene anagunda poyenda wowerama, patsogolo pamene pakhala nyali pada, ndipo lamba la m'kati lasanduka lakuda ndi thukuta. Palibe amene anaphunzitsa anthu a pa migodi kuwerenga zizindikiro zimenezi, koma onse aziwerenga, ndipo sanyengeka.

Diso lomwelo ndilo limene anthu abwera nalo ku sewero. M'masukulu ndi m'machalichi a ku Sasare, ku Petauke ndi ku Nyimba, monganso m'makomboni a ku migodi, anyamata akonda kucita masewero a nkhondo zakale: Angoni akugwera mudzi wa Ansenga, Davide ndi Goliati, asilikari a Roma pa Lacisanu Loyera, kapena asilikari a Northern Rhodesia Regiment akubwerera kwao kucokera ku Burma. Aloweza mau milungu yambiri, nyimbo nazo ziyenda bwino. Tsono tsiku litafika, wankhondo amene anenedwa kuti wayenda miyezi itatu m'chire aturukira pabwalo ndi cishango ca katoni coyera mbee, ndi cisoti ca pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ana aseka, akulu ayang'ana pansi, ndipo nkhani ya imfa ndi ukapolo imene inaliritsa makolo isanduka nthabwala. Umphawi suli ndi mlandu pamenepa, pakuti katoni ikhoza kuoneka ngati cikopa ikakonzedwa bwino. Colakwa ndi cakuti zida zimene zinapangidwa dzulo zaoneka kuti zinapangidwa dzulo.

Ku maiko kumene apanga kanema, kukalambitsa zobvala ndi nchito ya anthu ace, imene alandira nayo malipiro. Telala akatha kusoka malaya, apereka kwa munthu wina amene awakhula, awanyika, awang'amba pang'ono ndi kuwapaka dothi kufikira aoneka ngati abvalidwa zaka zambiri. George Lucas, popanga kanema wa Star Wars amene anaturuka m'caka ca 1977, sanafune kuti makina ndi zombo za m'mlengalenga zioneke zatsopano, nalamula kuti zidetsedwe ndi kukandidwa, kuti oonera akhulupirire kuti m'dziko limenelo mukhaladi anthu. Ku New Zealand, amisiri a Weta Workshop amene anakonza zida za The Lord of the Rings, kanema woturuka pakati pa 2001 ndi 2003, analuka malaya a unyolo ndi timphete mamiliyoni todulidwa ku mipope ya pulasitiki, ndipo oonera anayesa citsulo ceniceni. Cimene anthu amenewa acita ndi mankhwala a m'mabotolo, wa ku Sasare akhoza kucita ndi tiyi, mwaye, katondo ndi utomoni wa nthoci.

Cida ici cinayenda kuti?

Wokonza zida asanagwire dothi, ayenera kudziwa ulendo umene cidaco cinayenda. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene dzuwa linada ndi kadamsana, atayenda kale zaka zambiri kucokera kum'mwera. Anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, napitirira kumpoto kufikira dziko la Afipa, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, kumene Zwangendaba anamwalira m'zaka za m'ma 1840. Pambuyo pace mwana wace Mpezeni anabwerera ndi gulu lace, nakhalanso pakati pa Ansenga asanakhazikike kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Ndico cifukwa cace Angoni a Mpezeni alankhula Cinsenga. M'caka ca 1898, mwezi wa January, anamenyana ndi asilikari a Angerezi nagonja. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa, ndipo ng'ombe zambiri zinalandidwa.

Mbiri imeneyi iuza wokonza zida zinthu zimene botolo la utoto silingamuuze. Nkhondo ya 1898 inacitika m'nyengo ya dzinja, mvula ikugwa, udzu utatalika. Cotero miyendo ya ocita sewero limenelo iyenera matope, ndipo zishango zao zioneke kuti zinanyowa. Koma sewero la Angoni akugwera linga la Ansenga m'cirimwe lifuna fumbi ndi phulusa la lupsa, limene lidetsa akakolo ndi misongolo ya munthu ali yense woyenda m'chire m'mwezi wa September kapena October. Amene apaka matope a dzinja pa nkhondo ya m'cirimwe wanena bodza limene mlimi ali yense aliona.

Litsiro liri ndi njira zace. Matope acokera pansi, cotero acuruka kumapazi, acepa pofika m'maondo, ndipo pamwamba pace pangokhala timadontho totumphira. Fumbi ligwa kucokera kumwamba, nkukhala pa mapewa, pamwamba pa cisoti ndi m'makwinya a nsaru. Thukuta lituruka m'kati: m'khosi, m'khwapa, pakati pa msana, ndi pamene lamba limanga. Kutha nako kuli ndi malo ace, ndiwo m'mphepete, m'ngondya, ndi pali ponse pamene dzanja ligwira. Munthu amene atenga cishango ndi kucigudubuza m'matope conse cathunthu apeza cishango cauve, koma sapeza cishango cakale.

Cishango

Cishango ca Angoni ndi cikopa ca ng'ombe couma, ubweya uli kunja, cosongokera pamwamba ndi pansi. Pakati pace pali mizere iwiri ya timabala m'mene apisa nsinga za cikopa, ndipo nsingazo zigwira ndodo ya kumbuyo, imene ituruka pang'ono pamwamba ndi pansi. Wankhondo acigwira ndi dzanja lamanzere. Amene apeza cikopa ceniceni kwa opha ng'ombe ali ndi mwai, pakuti cikopa cikalamba mofulumira ndiponso mokongola.

Nchito yoyamba ndi kucotsa ubweya pamene udzu ndi minga zikadaucotsa. Atenga cidutswa ca njerwa kapena mwala wokhakhala, nakhula m'mphepete monse, koma mosalingana: pena kwambiri kufikira khungu lioneka, pena pang'ono, pena osakhudza konse. Kunsi kufuna kukhula koposa, cifukwa ndiko kumene cishango citsamira pansi mwini wace akapumula. Pakati pamene ankhondo amenya ndi cibonga pobvina ngoma payenera kukhala dazi laling'ono. Zipsera za mikondo zidulidwa ndi mpeni, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri aononga nchito, cifukwa adula mizere khumi yofanana, yotalikirana bwino ngati mizere ya m'munda. Zipsera zitatu kapena zinai zikwanira, cimodzi cacikuru, zina zazing'ono, zopendekera, zambiri mwa izo kumtunda kumene mdani analinga nkhope ndi cifuwa. Bala latsopano pa cikopa liri loyera, cotero m'kati mwace atikitamo makala opera osakaniza ndi dontho la mafuta a nsatsi, kuti lioneke la caka catha. Cipsera cimodzi cikhoza kusiyidwa coyera, cikhale ca nkhondo ya dzulo.

Kumbuyo kwa cishango kuiwalidwa kawirikawiri, komatu wosewera akatembenuka oonera akuona. Ndodo pamene dzanja ligwira ikhale yakuda ndi yosalala, ndipo cikopa ca pafupi napo cikhale ndi banga la thukuta. Pambuyo pa zonsezi awaza madzi pang'ono, naciyanika pa dzuwa kuti cipindike pang'ono monga cicitira cikopa cimene cabvumbwa mvula kambiri. Potsiriza acipacika ku tsindwi la nyumba yophikiramo, kutali ndi lawi, milungu iwiri kapena itatu. Utsi ucita nchito imene palibe burashi ingaicite: uloŵa m'ubweya monse, usandutsa coyera kukhala cofiirira, ndipo usiyamo fungo limene a pa mzere woyamba alimva.

Amene alibe cikopa amata ciguduli pa katoni yolimba, kapena pa makatoni awiri ophatikiza, ndi guluu wa akalipentala kapena phala la ufa wa cinangwa. Katoni yokha ionekera msanga cifukwa m'mphepete mwace muli timabowo, cotero ciguduli cipindidwe kuphimba m'mphepetemo. Mawanga a ng'ombe apakidwa ndi utoto, akuda, ofiira ndi oyera, koma coyeraco cisakhale ca laimu wa pa khoma la sitolo. Athiramo tiyi wakuda kapena katondo pang'ono. Ng'ombe yoyera mbee kulibe, ngakhale m'khola la mfumu. Phala la cinangwa liri ndi bvuto limodzi, lakuti makoswe ndi mphemvu zilikonda, ndipo cishango cosiyidwa pansi usiku umodzi cikhoza kupezeka ndi zipsera zimene mwini wace sanazifune.

Nsaru ndi zikopa zobvala

Tiyi ndiye mankhwala oyamba a nsaru, ndipo nzeru imeneyi inayamba ndi asilikari eni ace. M'zaka za m'ma 1840, gulu la asilikari a ku India lochedwa Corps of Guides, limene analiyambitsa Harry Lumsden, linayamba kubvala nsaru zonyikidwa kuti zifanane ndi dothi, pofuna kuti adani asawaone patali. Dzina lakuti khaki licokera ku liu la kumeneko lotanthauza fumbi, ndipo ndiyo kaki yomweyo imene anabvala amesenjala a boma ndi ana a sukulu. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Azulu m'caka ca 1879, asilikari anadetsa zisoti zao zoyera ndi tiyi, nacotsanso zizindikiro zonyezimira za patsogolo. Koma m'kanema wochedwa Zulu, wa 1964, wonena za nkhondo ya pa Rorke's Drift, zisotizo zioneka zoyera ndi zizindikiro zace zikung'anima, ndipo odziwa mbiri akhala akuloza colakwa cimeneci kufikira lero. Ngakhale a ndarama zambiri aphonya.

Nsaru yatsopano iyenera kuyamba yacapidwa kangapo ndi kuyanikidwa pa dzuwa, kuti kuuma kwa m'sitolo kucoke. Kenaka aiviika m'tiyi wowira wopanda shuga. Akaiviika yonse mofanana ingosintha maonekedwe. Akaifinya ndi kuiunjika kuti ium' iri yokhwinyata, tiyi atsalira m'makwinya, ndipo ndiko kufanana ndi nsaru yakale. Misomali ya dzimbiri ikagona masiku angapo m'madzi osakaniza ndi viniga, madzi ace akawazidwa pa nsaru ya tiyi abala mabanga otuwa ndi akuda, cifukwa citsulo cigwirizana ndi mphamvu ya m'masamba a tiyi. Anthu a ku Nyimba, kwao kwa nthoci, adziwa mankhwala ena amene sagulidwa: utomoni wa nthoci sunaoneke pogwa pa malaya, koma pouma usiya banga lofiirira limene sopo ali yense alephera. Cimene cikwiyitsa amai pa dambo pocapa ndi cuma kwa wokonza sewero. Banga limenelo lifanana kwambiri ndi magazi akale, pakuti magazi akauma sakhala ofiira ngati phwetekere, koma asanduka ofiirira mpaka kuda. Utoto wofiira wowala uyenera bala la nthawi yomweyo lokha.

Thukuta lakale liri ndi m'mphepete moyera, monga adziwa ali yense amene anabvula malaya poturuka m'mgodi. Acita banga ndi tiyi wakuda kwambiri m'khwapa ndi pa msana, ndipo likauma adontheza madzi a mcere wambiri m'mbali mwace, amene asiya mzere woyera pouma. Kung'amba nako kufuna nzeru. Sizasi idula mano ofanana amene aoneka ngati cobvala ca wanthabwala. Nsaru yeniyeni iyamba yapyapyala isanang'ambike, cotero aikhula pa mwala m'maondo, m'zigongono ndi mu mpendero kufikira ulusi uonekera, nakoka ndi cala. Ndiponso munthu wosauka sayenda ndi cibowo kwa nthawi yaitali, koma asoka. Cigamba cimodzi ca nsaru yosiyana, cosokedwa ndi ulusi wokhuthala, cinena za umphawi koposa zibowo makumi awiri.

Ansenga a m'masiku a Zwangendaba anabvala ciwondo ndi zikopa, ndipo zida zao zinali uta, mibvi ndi nkhwangwa. Ciguduli cocapidwa kambiri, conyikidwa m'madzi a makungwa ofiira ndi kusinjidwa mu mtondo, cifanana ndi ciwondo kwa munthu wokhala patali. Zikopa za mbuzi zingofuna utsi ndi mafuta pang'ono.

Citsulo ndi mkuwa

Mkondo wa m'sewero uyenera kukhala wa mtengo, wosasongoka kwenikweni, pakuti mwana wa munthu alibe diso lacitatu. Kuti mtengo uoneke citsulo, anthu ambiri athamangira utoto wa siliva, ndipo mkondo uturuka ngati supuni. Njira yabwino iyamba ndi utoto wakuda. Ukauma, apala mtima wa pensulo pa sandipepa, natikita ufa wace ndi cala pa mkondowo. Pamenepo mtengo usanduka wotuwa, wong'anima pang'ono, monga khasu limene lagwira nchito. M'mphepete mwa mpeni wace atikita kwambiri kuti muwale, cifukwa ndimo m'mene mwala wonolera udutsa. Pakati ndi pamene citsulo cilowa mu mtengo pakhale pakuda. Mtengo wogwirira auwaula pang'ono pa moto, naupaka mafuta a nsatsi kapena polishi ya nsapato pamene dzanja likhala.

Zisoti ndi zapacifuwa za asilikari a Roma zicitidwa mwa njira yomweyo, kaya ndi za katoni, za pulasitiki ya zigubu kapena za malata. Kuphwanyika kuyambe utoto usanapakidwe: nyundo igunde malo awiri kapena atatu. Utoto wa pansi ukhale wakuda. Pamwamba pace apaka wa siliva ndi burashi imene yapukutidwa pa nsanza kufikira iri pafupi kuuma, kotero kuti siliva agwira pa zotumphuka zokha, ndipo m'maenje mutsala mdima. Pambuyo pace asungunula utoto wakuda kapena wofiirira m'madzi ambiri, nausambitsa pa cida conse, napukuta msanga ndi nsanza. Wotsalira m'ngondya ndi kuzungulira misomali ndiye litsiro la zaka. Mikwingwirima ya lupanga ilembedwa ndi mzere wakuda wopyapyala, ndi mzere wowala pansi pace. Zigawo zitatu zopyapyala zipambana cigawo cimodzi cokhuthala, ndipo ciri conse ciyambe cauma cinzace cisanabwere.

Za dzimbiri pafunika kunenapo mwamphamvu, cifukwa anthu akalidziwa alikonda kopitirira. Cinthu cakale ndi cinthu cotayidwa ziri zosiyana. Wankhondo amene moyo wace uli pa mkondo saulola kucita dzimbiri. Aunola, aupukuta, aupaka mafuta, monga mlenje acitira ndi mfuti yace ya gogodera. Msilikari wa Roma wobwera pa mzere ndi cisoti cofiira ndi dzimbiri akadalangidwa ndi kapitao wace. Dzimbiri la pa cida camoyo likhala pang'ono, m'malo amene nsanza siifika, ndipo likayenda litsikira pansi potsata madzi. Katondo wosefa wosakaniza ndi guluu, wodonthezedwa ndi kamtengo, akwanira. Cida cofiira conse ndi ca sewero limene munthu afukula mkondo wa agogo ace m'munda.

Goliati sayenera siliva konse, pakuti buku loyamba la Samueli linena kuti cisoti cace cinali ca mkuwa. Anthu a ku migodi ya kopa safunika kuuzidwa macitidwe a mkuwa: ukakhala uda nukhala wofiirira, pamene pakhudzidwa kawirikawiri pawala ngati cigwiriro ca citseko, ndipo pamene cinyezi cikhalitsa pamera kubiriwira kofanana ndi kwa miyala ya kopa imene aiona m'makoma a mgodi. Cotero utoto wa pansi ukhale wofiirira wakuda, wa golide upakidwe ndi burashi youma, ndipo kubiriwira kukhale kadontho m'ngondya mokha. Makoza ndi zigwinjiri za waya zitsata lamulo lomwelo.

Dothi la kwao

Dothi la Sasare, kumpoto kwa boma la Petauke kumene golide anayamba kukumbidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, silifanana ndi makande akuda a m'madambo kapena mcenga wotuwa wa m'mitsinje yotsikira ku Luangwa. Wankhondo wocokera ku cigwa ndi wocokera ku mtunda asabvale dothi limodzi. Wokonza atenga dothi la mitundu iwiri kapena itatu, naliyanika, nalisefa. Dothi lopakidwa lokha ligwa wosewera akadumpha kawiri, cotero alisakaniza ndi guluu wa akalipentala, muyeso umodzi wa guluu pa miyeso itatu ya madzi. Saipaka ndi dzanja ngati mtsiro wa pa khonde, koma aviika kamtolo ka udzu nawaza, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Dothi lonyowa lioneka lakuda koposa louma, ndipo amene sayesa pa kansanza poyamba adzadabwa m'mawa mwace. Pa khungu la munthu guluu sapakidwa. Pamenepo dothi losefa, phulusa lozizira la nkhuni ndi mafuta odzola zikwanira.

Ankhondo khumi asafanane. Nduna yakale ikhale ndi cishango ca zipsera zambiri ndi mkondo wosamalidwa koposa onse. Mnyamata wopita ku nkhondo yace yoyamba akhale ndi zida zatsopano ndithu, ndipo pamenepo kuyera kwace kunena nkhani, pakuti oonera amuzindikira monga azindikira munthu watsopano pa mgodi, nayamba kumuopera.

Pali zinthu zina zimene zidetsa bwino koma ziononga thupi. Oilo wakuda wocotsedwa mu injini ndi woipa pa khungu ndipo agwira moto. Asidi wa m'batire adya nsaru msanga, koma adyanso maso ndi manja, ndipo apitiriza kudya nsaruyo sewero litatha. Coopsa koposa kwa anthu a pa migodi ndi dothi la pa mulu wa zotaya za mgodi, limene likopa cifukwa liri losalala ndi la maonekedwe okongola. Fumbi la miyala yopera ndilo libala matenda a silikosisi m'mapapo. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtobvu wa m'dothi la makomboni oyandikana nao ukali kudwalitsa ana. Ndiponso pali ponse pamene anthu atsuka golide ndi mekyule, matope a pamenepo sayenera kukhudza khungu la mwana wa sukulu. Dothi la sewero litengedwe m'munda, pa culu kapena m'mbali mwa mtsinje woyera.

Zimene siziyenera kudetsedwa

Si cobvala ciri conse ca pabwalo cifuna litsiro. J. Clyde Mitchell, amene analemba za gule wa kalela m'buku loturuka m'caka ca 1956, anaona gulu la Abisa ku Luanshya likubvina litabvala mabuluku ositidwa ndi nsapato zopukutidwa, ndipo mkazi wobvala ngati nesi anali kuyenda pakati pao ndi kalirole ndi mpango kuti obvina adzione ndi kudzipukuta. Ulemu wa kalela uli pa ukhondo, ndipo amene acita sewero la makomboni a masiku amenewo nadetsa obvina ace waphonya tanthauzo lonse la guleyo.

Zida za mwambo nazo ziri pa zokha. Nc'wala, imene inaleka Angoni atagonja mu 1898 nkuyambanso m'caka ca 1980, icitika ku Mtenguleni m'mwezi wa February, ndipo zishango zimene impi zinyamula kumeneko zikalamba ndi nchito yao yeniyeni. Momwemonso zinthu za mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo ku Petauke. Gulu la sewero likabwereka cishango, uta kapena nkhwangwa kwa mkulu wa m'mudzi, libweze monga linatengera, losakhula, losapaka utoto, losadula cipsera ngakhale cimodzi. Guluu ndi katondo sizicoka pa cikopa, ndipo mlandu wa cinthu ca makolo sutha ndi nkhuku. Kwabwino ndi kuika cakaleco patsogolo, kuciyang'anitsitsa pamene cada ndi pamene cawala, ndi kutsanzira zimenezo pa ca katoni. Cikopa ca nyalugwe ca m'chire cisafunidwe konse, pakuti lamulo la nyama liletsa kukhala naco popanda cilolezo. Ngakhale ku Bulozi, kuyambira m'caka ca 2019, akulu a Litunga anagwirizana ndi bungwe la Panthera kuti opalasa bwato pa Kuomboka abvale zikopa zopangidwa ndi makina. Zikopa zotere zibwera zonyezimira, ndipo m'sewero zifuna tiyi ndi utsi monga nsaru ina iri yonse.

Zida zikakonzedwa, osewera azibvale pa mayeso onse otsala, athamange nazo, agwe nazo, akhale nazo pansi. Thupi la munthu lidziwa lokha pamene lamba likhula ndi pamene cishango cigunda bondo, ndipo milungu iwiri ya mayeso ionjeza zizindikiro zimene wokonza sakadaziganizira. Kenaka wina aime patali mapazi makumi awiri, pamene oonera adzakhala, pa ora lomwelo limene sewero lidzacitika. Pa dzuwa la masana litsiro pang'ono lioneka, koma usiku pa nyali ya magetsi mabanga opepuka asowa, ndipo afunika kuonjezedwa. Ngati sewero lidzajambulidwa ndi foni, ajambule cithunzi coyesa capafupi, cifukwa kamera iona guluu wonyezimira amene diso la patali silimuona. Phulusa losefa lowazidwa pamwamba lizima kunyezimirako. Sewero likatha, zishango zimangidwe ndi luzi ndi kupacikidwa ku tsindwi, kutali ndi ciswe ndi makoswe, ndipo zisoti za katoni zisasanjikizidwe zikali ndi cinyezi ca thukuta.